Ine Ndinali Makutu a Achemwali Anga

1

Bodza langa loyamba ndinalinena nditavala siketi yobwereka, nditakhala pampando wozizira mu ofesi ya hotela ina. Ndati loyamba chifukwa alipo ena. Pomwe muzimaliza kuwerenga nkhaniyi mwina mudzakhala mutandida, ndipo sindikuletsani.

Mwini hotelayo anali mayi wa mphete zala zonse, yemwe antchito ankangomutchula kuti Madamu. Anasuzumira makalata anga pang'ono n'kuwakankhira pambali.

"Kuyankhula mumatha, nkhope ilipo. Muli pabanja?"

"Ayi, Madamu."

"Mwana?"

Nthawi imeneyo mwana wanga anali ndi miyezi isanu ndi umodzi. Mabere anali atayamba kundiwawa chifukwa nthawi yoyamwitsa inali itapitirira, moti ndinakumbatira faelo pachifuwa kuti mkaka ukadontha asauone. Malo atatu anali atandibweza kale pa funso lomweli. Ndikayankha zoona ankamwetulira bwinobwino n'kunena kuti tikuimbirani, basi nkhani yathera pomwepo.

"Ndilibe, Madamu."

"Mwachita bwino. Pano sindifuna zomva kuti mwana watentha thupi, mwana watsegula m'mimba, lero ndili ku sikelo. Amene ankakhala pakauntala apo ndinamuchotsa mimba itangoyamba kuoneka. Mubwere Lolemba, sikisi koloko, osati sikisi faifi."

Ndinatuluka mu ofesimo. Ndinakalowa m'chimbudzi cha alendo n'kufinyira mkaka mu sinki, kwinaku ndikulira, kwinaku ndikuseka. Ntchito yolandira alendo ndinali nditaipeza.

2

Tinkakhala zipinda ziwiri kuseri kwa shopu ya zitsulo: ine, mwana wanga wamkazi yemwe tinkamutcha Kadona chifukwa cha kulamula, ndi achemwali anga. Za bambo a Kadona musandifunse. Anangomva za mimba, mawa lake nambala yawo inasiya kupezeka.

Achemwali amandiposa ndi zaka zitatu. Malungo anawatseka makutu ali ndi zaka ziwiri, ndiye amayankhula ndi manja. Koma musawamvere chisoni msanga, chifukwa munthu uja ndi wolongolola, ndipo akafuna kukunena manja ake amathamanga kuposa lilime la wina aliyense. Ndi iwo omwe anandipatsa dzina loti Wailesi, ati chifukwa pakamwa panga sipatsekeka ngakhale magetsi atazima. Amayi ankati Mulungu anatenga mawu a mkulu wanga n'kundiwonjezera ine. Chiyambire ndili wamng'ono, kuchipatala, kusukulu, kumsika, mawu a amayi anali amodzimodzi: "Iwe ndiwe makutu a mkulu wako. Ukamve bwino, ukanene bwino."

Achemwali anaphunzira zokonza zinthu zamagetsi, ndipo m'kalasi mwawo, momwe munali amuna makumi awiri, anakhala nambala wani. Tebulo lathu linkadzadza ndi mawailesi, masimbi ndi matochi a anthu oyandikana nafe. Akakonza wailesi ankaika nsonga za zala pa sipika, n'kudziwa ngati ikulira bwino kapena ikusasa mawu. Zonsezi ankachita Kadona ali kumbuyo. Kulira kwa mwana ankakumvera pamsana.

"Ndikulerera mongoyembekezera," anandiuza tsiku lomwe ndinayamba ntchito. "Yanga ikapezeka, uone pochita."

"Iii, achemwali, tidzaona ikapezeka."

Makalata ofunsira ntchito ankalemba sabata iliyonse. Vuto linali limodzi. Makampani salemba meseji, amaimba foni, ndipo akaimba kawiri osayankhidwa amadumphira dzina lotsatira. Choncho pansi pa kalata iliyonse achemwali ankalembapo nambala yanga.

Madzulo aliwonse ndikangolowa pakhomo, ndisanavule n'komwe nsapato, ankakweza dzanja kukhutu, chala chachikulu ndi chaching'ono zitatambasuka.

"Aimba?"

"Sanaimbe."

Ankagwedeza mutu n'kubwerera ku mawaya awo.

3

Chaka chinatha. Anzawo omwe ankakopera kwa iwo m'kalasi tinkakumana nawo pamsewu atavala maovololo a makampani, ena mpaka zipewa zolimba. Achemwali ankawapatsa moni akumwetulira, koma tikafika kunyumba sankadya.

Amayi atabwera kudzationa anapeza setifiketi yachotsedwa pakhoma.

"Lili kuti pepala lija?" anafunsa.

"Aliika pansi pa matiresi," ndinatero.

"Mwina n'chimodzimodzi. Ntchito ikusowa kwa anthu a makutu awo, nanga iye? Umuuze asadzivutitse mtima. Denga ali nalo, mwana wolera ali naye."

Achemwali anandikodola. "Akuti chiyani?"

"Akuti musataye mtima."

Anawayang'ana amayi nthawi yaitali. Nkhope amaidziwa kuwerenga, kunali kovuta kuwanamiza akakuyang'anitsitsa.

Kuhotela nako mtima wanga unkakhala uli m'mwamba. Mtsikana wina woyala mabedi anachedwa ola limodzi chifukwa mwana wake anagwa pakhonde, ndipo Madamu anamuvulitsa yunifomu tonse tikuona. Loweruka lina wophika wathu, mayi wa pakamwa ngati ine ndemwe, anandipeza pamsika nditanyamula Kadona.

"Aaa, Wailesi! Kamwana aka bwanji nkhope yonse ndi yako?"

"Ndi ka achemwali," ndinayankha mosaphethira. "Magazi amodzi."

Achemwali anali pambali panga akusankha matimati, osadziwa kuti ndangowapatsa mwana. Ndipo zinkaoneka ngati zoona. Kadona anayamba kuyankhula ndi manja asanayambe ndi pakamwa. Akafuna madzi ankagunditsa zala pachibwano, akagwa ankandidutsa ine n'kuthamangira kwa iwo. Zinkandiwawa, koma ndikaganiza zoti mwana wanga ali m'manja abwino ine ndili pakauntala, ndinkadzitonthoza. Malipiro anga sakanatha kulemba wantchito, ndipo panalibe sukulu ya mkaka yotsegula isanakwane sikisi.

4

Lachiwiri lina ndinapeza achemwali akuvina pakati pa chipinda, Kadona akuwomba m'manja. Sanandifunse za foni. Anandiponyera kapepala kopindapinda.

Anali atatopa kudikira. Ine osadziwa, kwa masiku atatu ankabereka mwana n'kuyenda wapansi mpaka kumafakitale, pageti ya kampani ina yolumikiza nyale za sola. Tsiku loyamba mlonda anawathamangitsa poganiza kuti ndi opemphapempha. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu anaona kuti kawailesi ka mlondayo kali zii pawindo, anakaloza, anatulutsa sikuludiraiva m'chikwama, ndipo pasanathe mphindi khumi kanayamba kuimba. Bamboyo anachita manyazi n'kulowetsa yekha kalata yawo mkati.

Pakapepalapo panalembedwa ndi bolopeni: Lachinayi, naini koloko. Mubwere ndi womasulira.

"Wailesi, upemphe tchuthi. Nthawi ino andiona ndi maso, osati pa foni."

"Nanga Kadona?"

"Mayi eni nyumba avomera kumusunga m'mawa umenewo."

"Sindikunena za Lachinayi, achemwali. Ndikunena akakulembani."

Manja awo anaima kaye m'mwamba, kenako anatsika pang'onopang'ono.

"Mwana ndi wako. Ndakulerera chaka ndi theka, sindinadandaulepo. Ine ndikalambe ndi matewera? Sukulu ndinapitiranji?"

"Madamu akadziwa andichotsa tsiku lomwelo."

"Tiganiza tonse. Tiwapempha amayi, tifunsa anthu. Koma usandiuze kuti ndisapite."

Anatulutsa setifiketi pansi pa matiresi n'kuyamba kuiwongola ndi chikhatho. Kwa Madamu ndinakanena kuti dzino likundisautsa, ndikufuna kukalizula.

5

Chipinda cha intavyu chinali chotentha, chonunkha mawaya owotchedwa. Kuseri kwa tebulo kunakhala anthu atatu: bwana wa tayi, kapitawo wa ovololo ya buluu, ndi mayi wina wa magalasi yemwe ankangolemba m'buku osadzutsa mutu.

"Ndiye wofuna ntchito ndi uti?" anafunsa bwanayo, maso ali pa ine.

"Ndi awa, bwana. Ine ndangobwera kudzamasulira."

Anausa moyo ngati munthu amene wamutayitsa nthawi. Kapitawo sanayankhule zambiri. Anaika nyale yakufa patebulo, pambali pake zipangizo. Achemwali anaitsegula, anainunkhiza, anayendetsa chala pa kabolodi kamkati, n'kuwotcherera kawaya kamodzi. Nyale inayaka. Kapitawo anayang'ana wotchi yake n'kuseka.

"Anyamata anga zimawatengera theka la ola izi."

Bwana anakanda kukhosi. "Chabwino, manja alipo. Koma muno muli makina. Belu la moto likalira, amva bwanji?"

Ndinamasulira. Achemwali anayankha msanga, ine n'kunena monga momwe ananenera: "Akuti belulo mulilumikize ku babu lofiira lothwanima. Akuti akhoza kukulumikizirani okha, ndipo lithandizanso amene amavala zotseka m'makutu pamakina."

Kapitawo anamenya tebulo. "Bwana, munthu uyu ndikumufuna."

Ine maganizo anali atathamangira kale kutsogolo. Ndinaona Lolemba m'mawa. Ndinaona Kadona ataima pakhomo wopanda womusiyira, Madamu atatambasula dzanja kuti ndibweze makiyi a kauntala.

"Afunseni," anatero bwana, "angayambe Lolemba? Timalowa seveni koloko."

Ndinawafunsa. Nkhope ya achemwali inawala.

"Ngakhale lero lomwe," anatero manja awo. "Seveni isanakwane ndizikhala ndili pageti."

Ndinatembenukira kwa bwana uja. Mawu anatuluka osalala, ngati a pakauntala.

"Akuti Lolemba n'kovuta, bwana. Ali ndi mwana wamng'ono yemwe amadwaladwala. Akuti mwina pakapita miyezi itatu, komanso m'mawa sangamafike msanga."

Ndinkadziwa bwino mpeni umene ndinatenga, chifukwa ndi womwewo unandicheka ine malo atatu. Bwana anatseka faelo. Kapitawo anagwetsa nkhope. Achemwali anali akumwetulirabe, maso akuyenda pankhope za anthuwo, kudikira kuti wina awagwire chanza.

"Zikomo pobwera," anatero bwana. "Tikuimbirani."

Mayi wa magalasi uja anaika bolopeni pansi. Anagogoda tebulo kawiri kuti achemwali amve kunjenjemera kwake, n'kukweza manja onse awiri.

6

Manja ake anali olimba, ochedwa, ngati a munthu amene watha zaka osawagwiritsa ntchito. Koma ankamveka.

"Mwana wanu ali ndi zaka zingati?"

Achemwali anadabwa, kenako anaseka. "Ndilibe mwana ine. Amene ndimalera ndi wa mng'ono wangayu."

"Lolemba mukhoza kuyamba?"

"Ndanena kale. Ngakhale lero."

Bwana anayang'ana mayiyo modabwa.

"Mchimwene wanga anali wosamva," mayiyo anauza bwana ndi pakamwa, manja akunenanso zomwezo kuti achemwali asaphonye kanthu. "Ndinakula ndikumumasulira. Zomwe wanena mtsikanayu si zomwe anena mkulu wake."

La fote linali litandikwanira. Koma mayiyo anali asanamalize. Anatsegula buku lake, anabwerera masamba ambiri m'mbuyo, n'kuloza mzere wina, kenako anapitiriza ndi pakamwa ndi manja omwe.

"Dzina ili linandivutitsa chilowereni muno. Chaka chatha tinalisankha pa anthu asanu oyamba. Ndinaimba ndekha pa nambala iyi. Anayankha mtsikana wa mawu okoma, n'kundiuza kuti mwini wake anapeza kale ntchito kwina."

Owerenga anzanga, apa ndiye pomwe ndakhala ndikukuzembani. Foni zinkabwera. Zinabwera kasanu. Ndinkathamangira kuseri kwa chipinda chochapira zovala kuhotela, pomwe makina amasokosa, n'kuyankhira kumeneko. Awiri ndinawauza kuti achemwali anapeza ntchito. Mmodzi ndinamuuza kuti anasamukira kutali. Wina ndinangoti mwalakwitsa nambala. Wachisanu, bambo waulemu wa kampani yokonza mafiriji, anandifunsa ngati vuto la makutulo ndi lalikulu, ine n'kumuuza kuti ndi lalikulu kwambiri, munthuyo sachedwa kupsa mtima ndipo sagwirizana ndi anthu. Ndikatero ndinkapukuta nkhope, kubwerera pakauntala, kumwetulira alendo, madzulo n'kukauza achemwali kuti sanaimbe. Nthawi iliyonse ndinkadziuza kuti aka n'komaliza, Kadona angokulako pang'ono.

Achemwali anawerenga mzere uja m'bukumo. Anawerenga nambalayo, manambala onse, chala chikutsata. Kenako anandiyang'ana.

"Kangati?"

Manja anga anakana kudzuka.

"Wailesi. Kangati?"

Ndinatambasula zala zisanu.

Sanalire. Anangopempha pepala ndi bolopeni kwa kapitawo, nakokera mpando wawo pafupi ndi mayi wa magalasi. Kwa ine ananena mawu amodzi okha, ndi dzanja limodzi, monga momwe amathamangitsira nkhuku m'nyumba.

"Tuluka."

Ndinakhala pa benchi ya mlonda uja kwa ola lathunthu. Bamboyo ankandiuza mosangalala za momwe achemwali anamukonzera wailesi, ine ndikungovomera.

7

Anawalemba, poyamba kwa miyezi itatu yoyeserera, kenako mokhazikika. Loweruka lomwelo analongedza zovala ndi zipangizo zawo m'zikwama ziwiri n'kusamukira kuchipinda china pafupi ndi mafakitale. Kadona anagwira siketi yawo mpaka pamsewu, ndinachita kumumatula zala.

Amayi anabwera atamva. Ndinkayembekezera mbama, koma anangokhala pamphasa n'kumayang'ana khoma.

"Ndinkamuuza mwana wanga kuti dziko silimufuna," anatero. "Kani dzikolo linkaimba foni. Iwe, unandichititsa kuti ndimunyoze mwana wanga ndemwe."

Anakana kumutenga Kadona. Anati aliyense asenze wake.

Lolemba ndinabereka mwana wanga, ndinavala yunifomu, n'kukalowa pakhomo lalikulu la hotela sikisi isanakwane. Madamu anali pamasitepe.

"Ameneyo ndi ndani?"

"Ndi mwana wanga, Madamu. Ali ndi zaka ziwiri. Ndinali naye kale tsiku lomwe munandilemba."

"Makiyi."

Sizinatenge ngakhale mphindi imodzi. Chinthu chomwe ndinagulitsira m'bale wanga kasanu chinatha mwachangu choncho, wophika uja akusuzumira pawindo la kukhitchini. Pano ndimachapa ndi kusita zovala za anthu pakhomo, mwana ali pambali panga.

Madamu ndimamuda mpaka lero, sindibisa. Ndimadanso aliyense amene amafunsa mtsikana za mimba asanamufunse zomwe amadziwa, ndi aliyense amene amati tikuimbirani akudziwa kuti munthuyo foni sangaimve. Anatiika awiri pakhomo lopapatiza, loti wina adutse wina atsale. Koma si Madamu amene ankayankha foni zija. Ndikanatha kuwauza achemwali kuti ndili ndi mantha, ndipo ndikuwadziwa, akanakhala nane pansi mpaka njira itapezeka. Ndinasankha kuwabera chinthu chomwe sakanatha kuchilondera okha.

Inu amene mukuwerenga, mwina pali wina amene mumamuwerengera makalata, kumuyankhira foni, kumulembera mafomu, kapena kumuyankhulira pamaso pa akuluakulu chifukwa iye sangathe. Palibe amene amakuonani. Mukasintha liwu limodzi, mwini wake adzakuthokozanibe madzulo. Dzifunseni ngati zonse zomwe munapatsidwa kuti mukafikitse zinafikadi.

Achemwali amabwera Lamulungu lililonse masana kudzaona Kadona. Amamubweretsera mabisiketi, amakhala naye pakhonde, awiriwo n'kumacheza ndi manja mpaka kugwa ndi phwete. Ine ndimaima pakhomo kudikira mpata. Ndikangokweza manja kuti ndiyambe kupepesa, iwo amatsinzina.

Munthu wakumva ukhoza kumukuwira ngakhale atakutsekera chitseko, mawu ena amalowabe. Achemwali akatseka maso, palibe polowera. Ndimanenabe zonse mpaka kumapeto, foni zisanu zija imodziimodzi, pamaso pa zikope zotseka. Iwo amadikira mpaka Kadona atawagwedeza bondo kuwauza kuti amayi atsitsa manja, ndiye amatsegula maso n'kupitiriza kucheza ndi mwana.